Nsalu, Diresi ndi Chitenje: Mbiri ya Zovala za Amayi ku Machinga ndi ku Balaka

Munthu akaima pa msika wa Balaka kapena wa Liwonde masiku ano adzaona amayi ovala mosiyanasiyana. Ena avala chitenje ndi duku, ena diresi, ena buluku, ndipo ena afunda mutu wonse monga amachitira Asilamu. Koma agogo a amayi amenewa sanali kuvala chotero, ndipo kusinthaku sikunabwere mwamtendere ayi. Pakati pa chaka cha 1945 ndi cha 1973 anthu anakangana kwambiri za nsalu ya mkazi. Anakangana m'nyumba, anakangana pa bwalo la mfumu, ndipo potsiriza mlanduwo unakafika ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Pamaso unkaoneka ngati mkangano wa nsalu, koma pansi pake panali funso lina: kodi ndani ali ndi mphamvu yonena chimene mtsikana ayenera kuvala?

Kale maboma awiriwa anali boma limodzi, ndipo dzina lake linali Kasupe. Balaka anapatulidwa kukhala boma payekha m'chaka cha 1998. Mtsinje wa Shire umadutsa pakati pawo. Kum'mawa kwake kuli dziko la mafumu a Chiyao monga Kawinga, Liwonde ndi Nyambi, kufikira ku nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Kumadzulo kuli dziko la Kalembo ndi Nsamala. Pamodzi ndi Ayao mumakhalanso Anyanja, Alomwe ndi Angoni.

Zovala za makolo

Nsalu si chinthu chimene chinabwera ndi Azungu m'dziko limeneli. Azungu asanafike, amalonda a Chiyao anali kuyenda maulendo a miyezi yambiri kupita ku gombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane. Anali kutenga minyanga ya njovu, ndipo, chinthu chomvetsa chisoni, anali kutenganso akapolo. Pobwera ankasenza mikanda, mfuti ndi mitumba ya nsalu. Panali nsalu yoyera yotchedwa merikani, popeza poyamba inali kuchokera ku America, ndi ina yakuda yotchedwa kaniki, yochokera ku India. Koma nsaluzi zinali za mafumu ndi anthu a chuma. Mkazi wamba ankavala chiwondo, ndicho khungwa la mtengo losulidwa ndi kufewetsedwa, ndipo ena ankavala nsalu yokhuthala ya thonje imene amuna ankaomba pamanja.

Mkazi wopeza nsalu ankaimanga pachifuwa, m'munsi mwa makhwapa, ndipo inkatsika kufikira ku akakolo. Kukongola kwake sikunali pa nsalu yokha. M'chiuno ankavala mikanda, m'manja ndi m'miyendo zikwinjiri, ndipo pathupi ankatema mphini. Amayi akale ankaboola mlomo wam'mwamba ndi kuikapo pelele. Pamenepa pali chinthu chofunika kuchizindikira. Atsikana a Chiyao anasiya pelele nayamba kuboola mphuno ndi kuvala chipini, potsanzira akazi a kugombe. Tsono ngakhale masiku amenewo fashoni inali kusintha, ndipo oyamba kusintha anali ana, osati akulu. Agogo amene m'zaka za m'ma 1950 ankanyoza madiresi, iwo eni anali atavala chipini chimene agogo awo sanachidziwe.

Mwambo waukulu pa nkhani ya zovala unali uwu: mwamuna aziveka mkazi wake. Anthu a kuno ndi achikamwini. Mwamuna akakwatira amapita kukakhala kwao kwa mkazi, ndipo sapereka ng'ombe monga amachitira a kumpoto. Chimene eni mudzi ankayang'ana kwa mkamwini chinali khasu lake, nyumba imene wamanga, ndi nsalu imene wagulira mwana wawo. Mkazi akayenda ndi nsanza, manyazi sanali ake koma a mwamuna, ndipo ankhoswe ankatha kuitana mwamunayo ndi kumufunsa. Maukwati ena ankatha pa chifukwa chimenechi. Mtsikana asanakwatiwe, womuveka anali makolo ake ndi atsibweni ake, amene ali mwini mbumba. Potuluka ku chinamwali cha msondo ankamuveka nsalu yatsopano ndi mikanda, atalangizidwa ndi anakanga za kudzilemekeza pamaso pa akulu. Kotero nsalu inali chizindikiro cha amene akumusunga mkaziyo, ndipo wovekayo ndiye anali ndi mawu.

Njanji, thonje ndi nkhondo

Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inatha kumangidwa m'chaka cha 1935, ndipo inadutsa pa Balaka. Pafupi ndi siteshoni Amwenye anamanga masitolo, ndipo enanso anamangidwa ku Liwonde, ku Ulongwe ndi ku Ntaja. Dziko la Balaka ndi lotentha, lokondedwa ndi thonje, kotero kuti nyengo yogulitsa thonje ikafika anthu ankakhala ndi mashiling'i m'manja. Akapatula za msonkho, ndalama zoyamba zinkapita ku nsalu ndi mchere. M'zaka zimenezo nsalu zotsika mtengo za ku Japan zinadzaza masitolo a Nyasaland, ndipo chiwondo chinayamba kusowa m'midzi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, inatseka njira imeneyi. Japan anakhala mdani, zombo zinali kunyamula zida, ndipo nsalu inasowa ndi kukwera mtengo. Amuna ambiri a Chiyao analowa usilikali wa King's African Rifles, namenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Burma. Atabwerako anali ndi ndalama, ndipo maso awo anali ataona Nairobi, Mombasa ndi mizinda ya ku India. Ena anagula njinga, ena anatsegula timasitolo, ndipo ena anagula makina osokera.

Pasanapite nthawi inagwa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kumwera. Amuna ambiri anachoka kukafuna chakudya kapena ntchito, ndipo ena sanabwerenso. Amayi otsalawo anaphunzira phunziro lowawa, lakuti wodikira kuvekedwa ndi mwamuna angathe kugona ndi njala ndi kuyenda ndi nsanza.

Sutikesi ya ku Joni ndi telala wa pakhonde

Njala itatha, ulendo wa kunja unakula. Anyamata ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene anthu ankakutcha ku Joni. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi kupita ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ndipo ena ankangoyenda okha kukafika ku Salisbury, kumene ankakutcha ku Halale. Tsiku lobwera munthu wotere linali tsiku lalikulu. Ankatsika sitima pa Balaka ndi sutikesi kapena bokosi lachitsulo, ndipo madzulo abale onse ankasonkhana kuti aone za m'katimo. Munali bulangete la apongozi, jekete la atsibweni, ndipo pansi pake munali diresi, nsapato ndi duku za mkazi kapena za chibwenzi. Liwu lenilenilo lakuti duku linachokera ku chilankhulo cha Mabunu a ku South Africa.

Diresi limodzi lotere linkabala madiresi ambiri, ndipo mzamba wake anali telala. Pafupifupi sitolo iliyonse ya Mmwenye inali ndi telala pakhonde, wopalasa makina a Singer, ndipo atelala ambiri a kuno anali amuna a Chiyao. Mkazi ankagula mayadi a nsalu m'kati mwa sitolo, natuluka nawo pakhonde, nanena kuti, "Mundisokere ngati la uje." Telala wanzeru ankangoyang'ana diresilo kamodzi, kapena chithunzi chong'ambidwa m'magazini, ndipo pakutha pa sabata chovala chinali chitapachikidwa pa chingwe. Amene amalemba mbiri ya zovala amakonda kutchula mayina a osoka otchuka a ku Ulaya, koma wosintha maonekedwe a akazi a ku Ntaja ndi ku Phalula anali munthu wa pakhonde ameneyu.

Komabe za ku Ulaya zinafikadi. M'chaka cha 1947 munthu wina wa ku Paris, dzina lake Christian Dior, anatulutsa diresi lothina m'chiuno ndi lotambasuka kwambiri kumunsi. Masokedwe amenewa anafalikira ku London, nafika ku Johannesburg ndi ku Salisbury, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anali atafika m'makonde a masitolo a Nyasaland. Zithunzi zake zinkaoneka m'magazini a Drum, amene anayamba ku South Africa mu 1951, ndi a African Parade, amene anayamba ku Salisbury mu 1953. Sikunali kofunika kudziwa Chingerezi kuti munthu aone chithunzi. Magazini amodzi ankayenda m'manja ambiri kufikira atang'ambika.

Taonani chimene chinachitika ndi mwambo uja wa kuveka mkazi. Mwambowo sunathe, koma unalemera. Kale mkamwini akagula mayadi a biriwita anali atakwaniritsa udindo wake. Tsopano mkazi ankaona mnzake wa mwamuna wa ku Joni ali ndi diresi, pitikoti ndi nsapato, ndipo biriwita inasanduka chovala cha kumunda. Mnyamata wolima thonje sakanatha kupikisana ndi wa ku migodi. Ambiri anapita kunja osati chifukwa cha msonkho wokha, komanso kuti apeze chovekera mkazi. Ndipo pamene iwo anali kunja, miyezi ndi zaka, akazi anali kudzilamulira okha pa zinthu zambiri.

Atsikana adzigulira okha

Sukulu nayonso inachitapo kanthu, ngakhale kuti kuno inayenda pang'onopang'ono. Masukulu ambiri anali a mishoni, monga a Akatolika a ku Utale, ndipo makolo a Chisilamu ankaopa kuti ana awo akapita kumeneko akatembenuzidwa. Kotero atsikana ophunzira anali ochepa. Koma ochepawo ankaoneka. Ankavala yunifolomu yofika m'maondo, anaphunzira kusoka ndi singano, ndipo ena anakhala aphunzitsi ndi anamwino olandira malipiro awoawo mwezi ndi mwezi. Mphunzitsi wamkazi akabwera kumudzi pa tchuthi, atsikana ang'onoang'ono ankaloweza kolala ya diresi lake kuposa mawu ake.

Osaphunzira nawonso anapeza njira. Ena ankagulitsa zitumbuwa ndi nthochi pa siteshoni sitima ikaima, ena mpunga ndi nsomba za ku Chilwa ndi ku Chiuta, ndipo ena ankapatsidwa kamunda kawo ka thonje kapena ka mtedza. Mtsikana wogula diresi ndi ndalama za thukuta lake anali munthu wachilendo m'mudzi. Atsibweni ake akamdzudzula ankakhala chete mwaulemu, koma onse awiri ankadziwa kuti nsaluyo sanagule ndi atsibweniwo.

Malo oonetsera zovalazi anali magule. Kuno kunali kale gule wa beni, amene anyamata amavina atavala ngati asilikali, ndipo pa beni anthu anali atazolowera kupikisana pa ukhondo ndi kutchena. Tsono kunabwera galamafoni ndi mbale za nyimbo za kwela ndi jaivi zochokera ku Joni. Kunabweranso wayilesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949, yomvera nyimbo zoulutsidwa kuchokera ku Lusaka. Dansi yatsopanoyi inali ya awiriawiri, mnyamata kugwira mtsikana padzanja ndi kumzunguza. Nsalu yomanga pachifuwa siyenera dansi yotere, pakuti ingamasuke. Koma diresi lotambasuka limazungulira bwino ngati ambulera. Pambuyo pake atsikana ena anayamba kuwongola tsitsi ndi chipeso chamoto, ena kuvala mawigi, ndipo ena kudzola mafuta oyeretsa khungu monga Ambi, amene anawononga nkhope za ambiri. Mphini za pankhope zinayamba kuchititsa manyazi, ndipo chipini chinatsalira kwa amayi achikulire.

Akulu sanakondwere. Ankati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ankati mtsikana wovala nsapato sangapite kumunda, ndipo wa diresi lalifupi sangagwade bwino popereka madzi kwa apongozi. Mashehe, abusa ndi anakanga, amene pa zinthu zina sankagwirizana, pa nkhani iyi anali ndi mawu amodzi. Tisafulumire kuwaseka. Iwo anali kuona midzi yopanda amuna, maukwati akutha, ndi ana obadwa atate awo ali kutali, ndipo diresi ndilo linali chinthu chooneka ndi maso chimene akanatha kuchiloza. Kulakwa kwawo kunali kwakuti anadzudzula mtsikana pa zinthu zimene anazibweretsa ndi msonkho, njala ndi migodi.

Amene anathetsa mkanganowo m'midzi anali amayi eni ake, ndipo anauthetsa mwanzeru. Anavala diresi, namanga chitenje pamwamba pake. Pa maliro, pa bwalo la mfumu ndi pamaso pa apongozi chitenje chinkakhala m'chiuno. Pa dansi kapena m'sitima chinkapindidwa. Chitenje chomwecho chinali mbereko ya mwana, nkhata ya mtsuko ndi chofunda cha usiku. Kavalidwe kamene anthu ambiri lero amakatcha ka makolo kanakhazikika m'zaka zimenezi, ndipo kanali kuyanjanitsa zakale ndi zatsopano.

Nkhoswe ya dziko lonse

Ndale zinalowa m'nkhaniyi Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwera m'chaka cha 1958. Amayi, motsogozedwa ndi Rose Chibambo, anathandiza kwambiri pa nkhondo yothetsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa misonkhano ankavina atavala nsalu zofanana. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, Dr. Banda anayamba kutcha amayi onse a m'Malawi mbumba yake, ndipo iye mwini anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani. Anthu a chikamwini, monga a ku Kasupe, anawamva msanga mawu amenewa, pakuti anali mawu a m'nyumba mwawo. Mwini mbumba amateteza alongo ake, amawaveka, ndiponso amawalamula. Mtsogoleriyo anatenga udindo wa atsibweni a m'mudzi uliwonse nauika pa iye yekha. Chovala chimene chinalemekezedwa pa zochitika za boma chinali chirundu chofika ku akakolo, ndipo amayi ovina pa misonkhano ankavala nsalu zokhala ndi nkhope yake. Fakitale ya David Whitehead and Sons, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, inayamba kupanga nsalu ndi zitenje m'dziko momwemuno, ndipo thonje la alimi a m'Malawi linapeza msika pafupi.

Nthawi yomweyo ku London achinyamata anali atayamba kuvala siketi yaifupi kwambiri, yotchedwa mini, imene anaitchukitsa mayi wina wosoka, Mary Quant. Achinyamata a kumeneko ankafuna kuonetsa kuti savalanso monga amayi awo. Mini inafika ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo kuchokera kumeneko inatsata njanji ndi msewu. M'midzi ya Kawinga ndi ya Kalembo ovala mini anali owerengeka, makamaka ana a sukulu za sekondale ndi ogwira ntchito m'tauni obwera kudzacheza. Koma chitenje sichinathenso kuziziritsa mitima, pakuti tsopano wokwiya sanali atsibweni okha.

M'chaka cha 1968 boma linaletsa mini. Anyamata a chipani cha Malawi Congress Party anayamba kuvutitsa atsikana m'misika ndi m'malo okwerera basi, ndipo atelala anapeza ntchito yatsopano yomasula mipendero ndi kulumikiza nsalu kumunsi kwa madiresi amene iwo omwe anawafupikitsa. Si ku Malawi kokha kumene izi zinachitika. Ku Tanzania achinyamata a chipani anachita chimodzimodzi m'zaka zomwezo, ndipo ku Uganda Idi Amin analetsa mini mu 1972. Koma ku Malawi chiletsocho chinakhalitsa. M'chaka cha 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, loletsa mkazi kuvala buluku kapena kabudula pagulu, kapena chovala chosaphimba maondo. Ngakhale alendo ochokera kunja ankauzidwa za lamuloli potsika ndege. Amuna nawonso analetsedwa kusunga tsitsi lalitali.

Chodabwitsa ndi chakuti lamuloli linanenedwa kuti likuteteza mwambo wa makolo, pamene makolowo sanadziwe bulauzi, duku, ngakhale chitenje cha ku fakitale. Agogo ovala chiwondo ankayenda mapewa ali pamtunda popanda wowaimba mlandu. Chimene lamulo linateteza chinali kavalidwe ka m'zaka za m'ma 1950, komwe kaja akulu a nthawiyo ankakadandaula.

Amayi ambiri a m'midzi analandira lamuloli popanda vuto, pakuti silinasinthe chimene iwo anali kuvala kale, ndipo ena analiyamikira. Koma mphamvu imene mtsikana wogulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya Balaka anaipeza ndi ndalama zake, yosankha yekha chovala, inachepetsedwa kwa zaka makumi awiri. Lamulolo linachotsedwa pambuyo pa referendamu ya 1993, pamene Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Pofika nthawiyo zinthu zina zinali zitasinthanso. Zovala za kaunjika zinayamba kulanda ntchito ya atelala a pakhonde, ndipo atsikana ambiri a Chisilamu a ku Machinga anayamba kuvala hijabu, chovala chimene agogo awo a chipini sanali kuvala. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, ponena kuti akuswa mwambo. Amayi ambiri anasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazo, ambiri a iwo atavala mabuluku, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena pa wayilesi kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chimene afuna.